Feni wa pa Thanthwe la Matipa (Gawo Lachitatu)

Mu gawo lapita lija, mtsikana wa ku Misuku amene anaphunzira za nkhalango ku Mzuzu anapeza feni wachilendo pa thanthwe, m'mphepete mwa nkhalango ya Matipa. Anatumiza tsamba limodzi ku Zomba, koma msuweni wake anali ataika kale chithunzi cha chomeracho pa Facebook. Pitirizani.

Yankho la ku Zomba linandipeza Lachinayi madzulo ndili pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi. Pakhomo pathu netiweki imagwira pomwepo basi, ndipo ukapendeketsa foni pang'ono imakulandira ku Tanzania, chonsecho Songwe sunawoloke.

"Tsamba lanu lafika bwinobwino," anatero abambo a ku National Herbarium aja, mawu akudukaduka. "Koma mwatitumizira mboni yosalankhula, mayi."

"Chavuta n'chiyani, bwana?"

"Kunsi kwake kulibe timbewu. Tsinde nalo palibe."

Ndinawafotokozera kuti tsiku limene ndinamuona feniyo masamba onse anali anthete, ndiponso kalata ya ku ofesi ya zankhalango yondilola kuzula chomera m'nkhalango yotetezedwa inali isanatuluke. Tsopano inali m'chikwama mwanga, chidindo chili pompo.

"Ndiye bwererani. Mukatenge chomera chathunthu, cha masamba okhwima. Zikakhala zambiri mutenge zitatu, zikachepa chimodzi chakwana. Ndafufuza m'makabati athu onse a Asplenium, mnzake sindinamupeze. Sindikuti ndi watsopano ayi. Ndikungoti mnzake sindinamupeze." Anakhala chete pang'ono. "Chithunzi chija chidakali pa Facebook?"

"Tinachichotsa."

"Anali atachiona anthu angati?"

Ndisanayankhe, foni inathawira ku Tanzania.

Amene sanagwirepo ntchito imeneyi amadabwa kuti tikuvutikiranji ndi kunsi kwa tsamba. Zomera zambiri zimadziulula ndi maluwa kapena zipatso. Feni alibe zonsezi. Amaberekana ndi timbewu tosaoneka ndi maso, timene timakhala m'timatumba tounjikana kunsi kwa tsamba, ndipo kaunjikidwe kake ndi kamene kamanena mtundu. Kwa ena timatumbato timakhala m'timadontho tozungulira, kwa ena timabisala m'mphepete mwa tsamba mopindikira, kwa ena timandanda m'timizere totsata mitsempha. A mtundu wa Asplenium ndi a timizere, ndipo kamzere kalikonse kamafunda kachikopa kopyapyala komatirira mbali imodzi yokha. Kufika pamenepo n'kosavuta. Mavuto amayamba ukakumbuka kuti a Asplenium alipo mitundu yoposa 700 padziko lapansi, ndipo m'nkhalango zathu za Matipa, Wilindi ndi Mughesse ali pa mitengo, pa miyala, pansi, ponseponse. Buku la Schelpe la 1970, limene mpaka lero timayambirapo tikafuna kudziwa mafeni a ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, limakuyendetsa ndi mafunso awiriawiri: tsamba ndi logawika kamodzi kapena kawiri, kunsonga kuli mphukira kapena kulibe, tsinde ndi loimirira kapena lokwawa. Ine ndinali nditafika pa mphambano imene njira zonse ziwiri zinali kundikana.

Nditalowa m'nyumba ndinapeza abambo aakulu atamasula kale matabwa opanira zomera, akusintha nyuzipepala. Iwowa ndi mkulu wawo wa malemu bambo anga, ndipo ndi amene anandilera. Za bambo anga ondibereka ndinkangodziwa chimodzi: anapita ku migodi ya ku Kitwe ine ndisanabadwe, n'kutsikira kulichete komweko. Abambo aakulu anagwira ntchito yolondera nkhalango kuyambira nthawi ya Kamuzu mpaka kupuma, ndipo ali mnyamata ankanyamulira katundu azungu otola zomera. Kupana chomera amakudziwa kuposa aphunzitsi anga onse kuwaphatikiza. Tsamba amaligoneka limodzi chafufumimba, lina chagada, kuti wodzaliona adzaone mbali zonse popanda kulimatula. Pomanga matabwa sagwiritsa ntchito lamba wa kusitolo koma mphira za chubu cha njinga, chifukwa mphira imapitiriza kufinya masamba akamaphwa. Ndipo popeza chinyezi cha ku Misuku chimaoletsa chomera usiku umodzi wokha, matabwawo amawagoneka pa nsanja ya kukhitchini, pamene amayi aakulu amaumitsira mawere.

Nambala ya chomera amalemba okha ndi pensulo pakona ya nyuzipepala. 7 wawo ali ndi kamtanda pakati ndi mchira wopindikira kumanzere, ndipo sindinamuonepo kwa munthu wina aliyense.

Ndinagwada n'kuwapatsa madzi, kenako ndinawauza za ku Zomba.

"Kodi akati watsopano amatanthauzanji?" anafunsa osadzutsa mutu. "Mwala umene uja wakhala ndi udzu wake chilengedwere."

"Watsopano m'mabuku, Bambo."

"Eya. M'mabuku."

Tsiku limene ndinabwera ndi tsamba loyamba lija ndinali nditawafunsa ngati anamuonapo feni wotere. Analitembenuza kawiri n'kundibwezera. Sindinamuonepo, anatero. Munthu amene amadziwa mtengo uliwonse wa m'Matipa ndi khungwa lokha.

Usiku umenewo ndi pamene anandifunsa mmene dzina limaperekedwera, ndipo ndinawauza monga anandiphunzitsira. Sungangodzuka n'kutcha chomera dzina. Uyenera kusankha chomera chimodzi chopanidwa chimene chidzakhale mwini dzinalo mpaka kalekale, n'kunena nyumba yosungira zomera imene chikugona. Pa pepala la chomera chimenecho amamatapo kachikalata kofiira kuti aliyense adziwe. Uyenera kulemba chimene chikuchisiyanitsa ndi abale ake, kale m'Chilatini chokha, koma kuyambira 2012 Chingerezi nacho chikuloledwa. Kenako uzisindikize m'magazini ya akatswiri. Amene wayamba kusindikiza mwadongosolo, dzina ndi lake. Wachiwiri, ngakhale atachedwa ndi sabata imodzi, dzina lake limangokhala mchira wa la mnzake. Kuwerenga kumayambira pa buku la Linnaeus la 1753, ndipo kuchokera pamenepo lamuloli silimvera chisoni munthu.

"Ndiye wopambana ndi wa pensulo yothamanga," anatero abambo aakulu.

Sindinatsutse. Mu 1896 Alexander Whyte, amene ankayang'anira za sayansi m'boma la Harry Johnston ku Zomba, anakwera mapiri athu ano n'kutola zomera ndi mbalame zambiri. Pa zikalata zake analemba kuti Masuku, ndipo mpaka lero kuli mbalame ya m'nkhalango yotchedwa masukuensis. Mkungudza wa ku Mulanje nawo unatenga dzina lake, whytei. Ntchito anagwiradi, sindimulanda. Koma sanakwere yekha. Panali amene anamutsogolera, amene anamuuza kuti tsidya ilo musapite kuli phompho, amene anasenza matabwa. Amenewo ukawafunafuna pa zikalata suwapeza. Akatswiri a zomera akhoza kusintha akafuna: pa msonkhano wawo wa ku Madrid mu 2024 anagwirizana zochotsa m'maina a zomera mawu akale onyoza anthu akuda. Kuchotsa chitonzo n'kwabwino, koma dzina limene silinalembedwe konse palibe msonkhano umene ungalibwezeretse.

"Iweyo ukufuna kumutcha ndani?"

"Kudzitcha wekha n'kochititsa manyazi pa ntchito yathuyi. Ndimaganiza dzina lanu, Bambo."

Mphira imene ankakoka inawapulumuka n'kuwomba tabwa.

"Usayerekeze."

"Koma Bambo..."

"Ndati usayerekeze, mwanawe. Mutche Matipa, mutche mwala, mutche mbuzi ili m'kholayo. Langa ayi." Ananyamula matabwa kupita nawo kukhitchini. Ali pakhomo anati, "Mawa ndipita nawo."

Mawondo awo anali atawaletsa kukwera phiri kwa zaka. Amayi aakulu anawayang'ana, anandiyang'ana, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Tinanyamuka tambala woyamba atangolira. Achimwene olondera nkhalango, amene ndinali nawo tsiku lopeza feniyo, anatidikirira pa sukulu atafunda jekete la yunifolomu. Njira imayamba ndi minda ya khofi, amene m'mwezi wa Malichi amakhala adakali wobiriwira, kenako nthochi, kenako nyemba zokwawa m'mizere ya m'mapiri. Pamwamba pa minda pali tsala lodzaza ndi feni amene aliyense amamudziwa, Pteridium aquilinum, mdani wa alimi. Ukamutentha ndiye wamuitana, chifukwa tsinde lake lili pansi penipeni pamene moto sufika, ndipo ng'ombe zikamudya kwambiri zimadwala. M'tchire la mombo ndi masuku munali Nephrolepis undulata, amene chilimwe amafota n'kusowa, moyo wake n'kutsala m'timbatata ta pansi podikira mvula. M'khwawa munaima mafeni a mtengo, Cyathea dregei, ena otalika kuposa munthu, ndipo titalowa mumdima wa nkhalango yeniyeni tinakumana ndi mbale wake wa minga, Cyathea manniana, amene amakulanga ukamugwira potsetsereka.

Pa thunthu la mtengo wina ndinaima kuti ndiwaonetse achimwene aja Asplenium sandersonii. Nsonga ya tsamba lake imatalika, kumapeto kwake n'kumera kamphukira, ndipo kakakhudza ndere kamazika mizu n'kukhala chomera pachokha. Amayenda choncho pa mtengo, mwana atagwira dzanja la make. Feni wathu naye anali ndi kamphukira kotero. Koma timasamba take tinali togawika kwambiri, phesi lake lakuda, ndipo anali pa mwala osati pa mtengo. Chimenechi ndi chimene chinkandisowetsa tulo. A Asplenium amakwatirana pachibale mosavuta, ndipo mwana wa mitundu iwiri amaoneka wachilendo mokwanira kupusitsa munthu wofunitsitsa.

Nditatembenuka, abambo aakulu anali atapitirira.

Pamwamba pa mtsinje wachiwiri pali mtengo waukulu wogwa, ndipo njira imagawika pamenepo. Ya kumanja ndi yopondedwa, imapita ku ming'oma ya njuchi. Ya kumanzere si njira kwenikweni, ndi mpata chabe pakati pa zitsamba. Tsiku loyamba lija ine ndi achimwene tinalowera kumeneko pothawa mvula, ndipo sitinauze munthu. Abambo aakulu, ndodo ili m'manja, anakhotera kumanzere osacheuka. Patsogolo pang'ono, pamene pamafunika kuwerama pansi pa ziyangoyango n'kutsikira kumwala, anawerama.

Achimwene anandikoka dzanja la sweta.

"Achemwali, munawalongosolera njira?"

"Ayi."

Sanafunsenso. Nchima zinalira pamwamba pathu n'kuthawa, madzi a m'masamba akutigwera m'khosi.

Thanthwe lija ndi lalitali kuposa nyumba, lopendekera kutsogolo, ndipo nkhope yake yonse ndi ndere zobiriwira. Pamene panali feni wathu panali mwala woyera. Munthu anali atalowetsa mpeni kunsi kwa ndere n'kusenda chigamba chonse pamodzi ndi mizu, mwaukhondo, m'mbali mowongoka. Madzi anali asanayambe n'kudetsa pomwe anasendapo. Pansi m'matope munali mapazi a nsapato za jombo za mano akuluakulu, ndipo pa kanthambi kena panali kachingwe ka pulasitiki kofiirira komangidwa mfundo iwiri.

"Ife sitinapereke chilolezo kwa munthu wina," anatero achimwene, mawu atatsika. "Okumba chinaka safika kuno, awo ndi a kumadambo a pamwamba. Odula matabwa alibe ntchito ndi ndere."

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Amene anachita izi sanali wakuba wamba. Ankadziwa kuti feni wopanda tsinde ndi mboni yosalankhula.

"Dzuka," anatero abambo aakulu. "Zungulira kuseri. Pali mng'alu pamene pamadontha madzi, cha pamwamba pa mutu wako."

Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana kachingwe kaja.

Mng'aluwo unalipodi, ndipo munali zomera zisanu ndi chimodzi. Achimwene anandigwirira phazi ndikukwera. Ndinazula ziwiri zokha, pang'onopang'ono, ndi nsonga ya mpeni, kuti tsinde lituluke lathunthu. Nditatsika ndinatulutsa kagalasi kanga kokuza zinthu kakhumi, ndinakagunditsa pa diso n'kubweretsa tsamba pafupi mpaka mphuno inanunkhiza dothi.

Timizere tinalipo. Kamodzi pa kagawo kalikonse ka tsamba, kofiirira, kachikopa kake katayamba kutukuka mbali imodzi, timatumba tikusuzumira tonyezimira. Ndinatsikira ku tsinde. Mamba a Asplenium ukawaona pa galasi amakhala ndi timazenera, makoma akuda pakati powala. Awa anali otero, koma m'mphepete mwake munali timaubweya titalititali topotana, timene sindinationepo pa sandersonii ngakhale pa wina aliyense wa m'buku langa. Manja anayamba kunjenjemera, moti polemba m'kope ndinachita kutsamiritsa dzanja pa bondo: tsiku, malo monga mwa GPS, kutalika kwa phiri, mwala wonyowa, mthunzi wambiri, zomera zotsala zinayi. Kachidutswa ka tsamba ndinakaika m'kathumba ka mchenga wa silika woumitsira, kuti akadzafuna kuyeza DNA adzapeze poyambira. Pa mzere wa otola ndinalemba dzina langa, la achimwene, ndipo nditayamba la abambo aakulu anandigwira dzanja.

"Awiri akwana."

Potsika sitinalankhule zambiri. Abambo aakulu anapita kunyumba ndi chomera chimodzi kuti akachipane chisanafote. Ine ndinakhotera kuchipatala chaching'ono cha kwathu, kumene kuli maikulosikopu yokhayo m'dera lonse. Achimwene a ku labu ndinaphunzira nawo pulayimale. Anali atamaliza odwala malungo a tsikulo, ndipo batire la sola linali lidakali ndi moyo.

"Ndiye wodwala wanu ndi ameneyu?" anaseka, akupukuta kagalasi.

Ndinawafotokozera chimene tinkafuna. Feni wobadwa kwa makolo a mitundu iwiri ali ngati chimanga cha haibulidi: m'munda n'chokongola, koma mbewu yake siidalirika. Timbewu take timakhala tofota, takuda, tina tatikulu tina tatiting'ono, tambiri tongokhala zinyalala. Tikapeza zotero ndiye kuti nkhani yatha, chomeracho ndi ngozi chabe ya pa mwala umodzi. Ndinakanda kamzere kamodzi ndi singano, fumbi lofiirira linagwera pa dontho la madzi, iwo n'kuvundikira.

Anayamba ndi iwo kuyang'ana. Anapotokola kagudumu, anabweza, anapotokolanso.

"Achemwali, tizilombo tanu tonse n'tonenepa."

Ndinawakankha pang'ono n'kuikapo diso. Timbewu tinali mbwee, tonse tofanana msinkhu, toumbika ngati impso, kalikonse katavala chikopa cha timipanda tosongoka. Ndinasuntha galasi kumanja, kumanzere, kufunafuna tofota. Ndinapeza tiwiri titatu, monga zimakhalira pa chomera chilichonse chathanzi. Zimenezi sizinatanthauze kuti feniyo ndi watsopano. Mwina dzina ali nalo kale ku Tanzania, pakuti mapiri a tsidya la Songwe ndi athu ano zomera zake n'zapachibale, ndipo mwina akugona m'kabati ina ku Kew kapena ku Nairobi. Koma zinatanthauza kuti amadziberekera yekha, ndi mtundu woima pawokha, ndipo funso langa linali loyenera kulifunsa. Ndinajambula ndi foni kudzera pa diso la makinawo, ndinathokoza, n'kuthamangira kuchulu kuti ndikauze a ku Zomba dzuwa lisanalowe.

Kuchuluko sindinafike. Pa msewu wotsikira kwathu panali matayala a galimoto, aakulu, atsopano. Msewu wochokera ku Kapoka nyengo ya mvula suyendedwa mwachisawawa, ndipo pakhomo pathu galimoto imafika pakakhala maliro basi.

Amayi aakulu anali pakhomo la khitchini, manja atapinda m'chitenje.

"Kunabwera mlendo," anatero. "Inu mutangonyamuka kumene."

"Ndani, Mayi?"

"Mzungu wachikulire, wa imvi, ndi mnyamata womuyendetsa. Anandipatsa moni wa kwathu kuno, mwaghona, bwinobwino, osapunthwa lilime. Kenako anafunsa abambo ako." Anameza malovu. "Anawatchula dzina la paunyamata. Limene ngakhale ine sindiwaitanira."

"Anatenga kanthu?"

"Sanalowe n'komwe. Anangosiya icho."

Pa tebulo la pabalaza panali envulopu yaikulu ya khaki. Abambo aakulu anali atakhala pa mpando wawo moyang'anana nayo, chomera chija chili pa nyuzipepala pambali, chosapanidwa, masamba atayamba kugwa mphwayi. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo atasiya chomera kuti chifote.

"Bambo, nditsegule?"

Sanayankhe. Ndinayatsa nyali n'kutsegula.

Munali pepala limodzi, chithunzi cha mtundu umene nyumba zosungira zomera zimajambula: pepala lolimba lachikasu ndi ukalamba, rula m'mbali, timabokosi ta mitundu pamwamba. Pakati pake, womatidwa ndi timalamba toyera, panali feni. Tsamba limodzi chafufumimba, lina chagada. Phesi lakuda. Kamphukira kunsonga. Sindinafunikire kagalasi.

Chikalata cha pansi kumanja chinali chotayipidwa. Misuku Hills, Matipa Forest, pa mwala wonyowa. Dzina la wotola linali lachizungu, losadziwika kwa ine. Pa mzere wa dzina la chomera panangolembedwa Asplenium, kutsogolo kwake kopanda kanthu. Pambali pake anamatapo kachidutswa ka nyuzipepala yakale, kong'ambidwa pakona, kokhala ndi nambala ya pensulo. M'nambalayo munali ma 7 awiri. Onse anali ndi kamtanda pakati ndi mchira wopindikira kumanzere.

"Munati simunamuonepo, Bambo."

Mpando unalira, koma mawu sanatuluke.

Pamwamba pa chikalata chakalecho panali china, chatsopano, chofiira. Wina anali atasankha kale pepala limeneli kuti likhale mwini dzina, ndipo dzinalo linali litalembedwa ndi bolopeni, kumapeto kwake kuli kachizindikiro kosonyeza kuti silinasindikizidwe. Ndinaliwerenga mwachilatini koyamba osamva kanthu. Nditachotsa mchira wake, chotsalacho ndinachidziwa. Ndi dzina limene lili pa satifiketi yanga ya sukulu, pa mzere wa bambo.

Ndinabwerera ku chikalata chotayipidwa chija. Pansi pa dzina la mzungu panali mzere wina waung'ono wa amene anali naye, ndipo dzina la bambo anga linali pomwepo, lathunthu. Kenako ndinaona tsiku. Linali la miyezi ingapo ine nditabadwa kale.

"Mayi," ndinatero, mawu anga ndikuwamva ngati a munthu wina, "munati anapita ku Kitwe ndisanabadwe."

Amayi aakulu anagwira pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

"Bambo, munthu amene anali ku Kitwe anatola bwanji feni ku Matipa?"

Abambo aakulu anaimirira, mawondo aja osawamvanso. Sanabwere kwa ine. Anapita pa zenera, anasuntha nsalu ndi chala chimodzi, anayang'ana kumunsi kwa nthochi. Kenako anakankha chitseko n'kulowetsa mpiringidzo.

"Chomera chinacho chili kuti?"

"M'chikwama mwanga."

"Kope lako?"

"Momwemo."

"Patsa mayi ako akabise m'nkhokwe ya mawere, adzere khomo la kuseri. Iwe zimitsa nyaliyo."

"Bambo, ndiuzeni kaye..."

"Zimitsa! Galimoto ija sinapite. Yaima pa mlatho, ndipo anthu awiri akukwera kuno wapansi."

Ndisanafike pa nyaliyo, galu wathu anayamba kuuwa, ndipo kunja munthu anaodira m'chilankhulo cha kwathu. Sanaitane abambo aakulu. Anatchula dzina langa.

Ipitirira.